Thunthu la Nthochi M'bokosi la Isake

Moni nonse ana anga okondedwa, inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuthokoza Mulungu Atate amene watidzutsa ndi moyo, napatsa ine mphamvu yogwira cholembera, ndi inu maso owerengera. Khalani pansi bwino. Zimene anachita Wyson pa tchuthi chija n'zochititsa manyazi, ndipo sindikubisirani kanthu.

1. Mtsinje ukana kubweza

Chaka chimenecho mvula inabwera ndi ukali. Phiri la Mulanje linkangokhala lofunda mitambo, ndipo mitsinje yonse yotsika m'menemo inkamveka mkokomo munthu ali kutali. Wyson, mnyamata wa Fomu 2, anali atangofika kumene kumudzi kwawo, kufupi ndi Muloza, kudzadya Khirisimasi.

Pamudzipo panali Isake, mwana mmodzi yekhayo wa a Esteri, amayi ake aakulu a Wyson. Anyamata awiriwa anakulira m'mphala imodzi, kufunda bulangeti limodzi. Isake analekezera sukulu panjira, nayamba kageni. Ankaoloka mtsinje wa Muloza ndi mchere ndi sopo, n'kukasinthanitsa ndi chimanga kutsidya kwa malire a dziko. Ankadziwikira patali ndi chipewa chofiira chaulusi chimene anamulukira mayi ake. Nsapato zimene Wyson ankavala ku sekondale anamugulira ndi iyeyo.

Tsiku lina Isake anaoloka m'mawa madzi ali m'mawondo. Pobwerera anawapeza afika m'chifuwa. Anzake anamuletsa, koma iye anati kunyumba kulibe ufa. Anthu amene anaima m'mphepete anaona thumba la chimanga likupendekeka, kenaka dzanja, kenaka madzi okhaokha.

Amuna a m'mudzi anatsika ndi mtsinje kukasaka. Wyson ndiye anali patsogolo. Anafufuza m'mabango ndi m'mizu ya mitengo mpaka kumene Muloza amathira mu Ruo. Anaitana dzina la mbale wake mpaka mawu anasasa. Anapemphera ali m'matope, kulonjeza Mulungu zinthu zambirimbiri. Koma mtsinje sunabweze kanthu, ngakhale chipewa chija.

Chiyembekezo chitatha, a Wilson Namakhwa anasonkhanitsa abale. Iwowa anali amalume a anyamata awiriwa, mwini mbumba, ndiponso mkulu wa mpingo. Anakumbutsa anthu mwambo wa makolo, wakuti mtembo ukasowa amaika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti maliro alirike ndi kutha.

"Wyson," anatero amalumewo, "ndiwe mbale wake. Tenga chikwanje ukadule kuseri kwa nyumba ya amayi ako aakulu. Uyeze ndi msinkhu wako. Munali ofanana."

Wyson anatenga chikwanje napita. Anadula thunthu lija, naligoneka pansi. Kenaka anagona pambali pake pa udzu wonyowa kuti aone podulira. Litakwanira analisenza. Linali lozizira ndi lolemera, ndipo madzi ake ankamuyenderera pamsana. Amayi analikulunga m'nsalu yoyera, adzukulu naliika m'bokosi. Pa zonsezi Wyson sanagwetse msozi ndi umodzi womwe.

2. Mawu amene anathawa pakamwa

Kumanda kunabweranso Chester, mnzake wa Wyson wa m'kalasi imodzi, mwana wa mwini golosale ku Limbuli. Chester anali wochenjera pakamwa, ndipo anyamata ambiri ankafuna kuti aziwayesa anzake. Awiriwa anaima kumbuyo kwa gulu, pansi pa mtengo.

"Amwene," ananong'ona Chester, "ndiye n'zoona kuti m'bokosimo muli nthochi?"

"N'zoona. Ndadula ndine."

"Ndiye anthu onsewa akulirira nthochi? Iwe, tinaphunzira tonse kuti thupi ndi madzi ndi dothi basi. Ukafa wafa. Zakumwambazi anthu amangodzitonthoza nazo chifukwa choopa. Ndani anapitako n'kubwerako kudzatiuza?"



Mlaliki anatsegula Mawu a Mulungu. Ananena za tsiku lomaliza, pamene lipenga lidzalira, manda adzatseguka, ndipo ogona m'menemo adzauka. Adzukulu atayamba kutsitsa bokosi, kunachitika chinthu chimene chinakhudza aliyense. A Esteri, amene amayi a Mvano anali atawagwirira uku ndi uku, anapukuta misozi, nayambitsa nyimbo okha. Pamaliro alionse a m'deralo woyambitsa nyimbo ankakhala iwowo, koma palibe anaganiza kuti angathe kutero pa manda a mwana wawo. Inali nyimbo yonena za m'mawa umene olekana adzaonananso. Anthu anavomera ndi misozi.

Ndime yoyamba itatha, anthu akukoka mpweya kuti ayambe yachiwiri, panali kachetechete. Nthawi yomweyo ndi imene Wyson anatembenukira kwa Chester.

"Ndiye lipengalo likadzalira, muno mudzatuluka chiyani? Mkoko wa nthochi? Angelo adzakhuta tsiku limenelo."

Iye ankayesa akunong'ona, koma mawuwo anamveka manda onse. Chester anaphulika nako kuseka, ndipo anyamata ena awiri anamutsatira asanazindikire pamene anali. Kenaka kunangoti zii.

A Esteri anali atayamba kale mawu oyamba a ndime yachiwiri. Nyimbo inawathera pakamwa. Anatembenuka pang'onopang'ono, namuyang'ana Wyson. Sanakalipe, sanalire. Anangomuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa uthenga umene ankauopa. Amayi anzawo anayesa kuitola nyimbo ija, koma inakanika. Adzukulu anakwirira manda kukumveka makasu okha.

3. Mitu iwiri yosameta

M'mawa mwake linali tsiku lometa. Abale onse anakhala pa mphasa pabwalo la siwa, ndipo mkulu wa adzukulu ankawameta mmodzimmodzi ndi lumo, monga mwa mwambo, kusonyeza kuti alira pamodzi ndipo maliro atha. Wyson anadikira mpaka kumapeto, nakhala pa kampando atawerama.

"Ameneyo musamumete," anatero a Esteri. "Sanafedwe. Munthu amameta chifukwa cha nthochi?"

Mkulu uja anaima ndi lumo m'manja, nayang'ana a Namakhwa.

"Inenso musandikhudze," anapitiriza a Esteri. "Mwanayu wanena zoona zimene inu nonse mumaopa kunena. Taika nthochi. Mwana wanga ali m'madzi, nsomba zikumudya. Fupa lina lipita uku, lina uko. Mulungu adzamutola kuti? Ndayimbira anthu ambiri kuti adzaonana ndi abale awo. Kodi sindinkangowanamiza?"

"Achemwali, musatero," anachonderera a Anesi, mayi ake a Wyson, akulira.

Koma a Esteri analowa m'nyumba. Anapinda bulauzi yawo yoyera ya Mvano ndi duku lake, naziika pansi penipeni pa sutikesi. Kuyambira tsiku limenelo, kukacha ankapita kumtsinje, n'kukakhala pa mwala wa padooko pamene Isake anamirira. Madzi ankanyambita mwalawo, ndipo mvula ikagwa kuphiri ankakwera mosachenjeza. Chakudya chimene ankawatengera chinkabwerera chosakhudza. Ku tchalitchi sanapondekonso, ndipo anthu ankaopa kuti tsiku lina mtsinje uwatenga nawonso.

Pa mbumba yonse ya a Namakhwa, mitu iwiri yokha ndi imene inatsala ndi tsitsi. Aliyense wodutsa ankaiona, ndipo ankadziwa chifukwa chake.

Tsiku la msika a Anesi anatuma Wyson ku Limbuli kukagula palafini. Pachipata, mmodzi wa anyamata a Yufi, amene masiku amenewo ankaona makhadi a chipani munthu asanalowe mumsika, anawerenga dzina pa khadi lake, namuyang'ana kumutu.

"Ndiwe uja wa kumanda? Dutsa. Ngakhale ife sitifika pamenepo."

M'kati mwa msika mayi wina wogulitsa zipatso anakweza mawu kuti anzake amve. "Mwana wa sukulu, tabwera udzagule nthochi! Zauka kwa akufa m'mawa womwe uno, angelo sanazione!"

Amayi onse a pamzerepo anaseka, koma kunali kuseka kobaya. Wyson anathawira ku golosale ya bambo ake a Chester. Anamupeza mnzakeyo akuyeza shuga.

"Amwene, usaime pano," anatero Chester osadzutsa mutu. "Bambo andiletsa kuyenda nawe. Ine ndinangoseka. Wonena unali iwe."

Wyson anabwerera kumudzi podzera njira za m'minda ya chimanga, kuti asakumane ndi munthu.

4. Mawu a amalume

A Anesi anaona kuti mwana wawo sakutulukanso m'mphala. Anaganiza zomutumiza kwa mlongo wa bambo ake ku Thuchila, kuti akakhale kumeneko mpaka sukulu itatsegulira, nkhani izizire. Wyson anavomera msanga, nalongedza katundu wake.

Lamulungu masana, atatuluka m'tchalitchi, a Namakhwa anamuitana. Anamutengera kumunda kwawo kwa chinangwa, nakhala pa mzere. Anavula jekete lawo, nalipinda bwinobwino pamwendo.

"Khala pansi, mphwanga. Sindikumenya. Manyazi akukwapula kale kuposa mmene ndingathere ine.

"Ukuganiza kuti ndiwe woyamba kufunsa funso limene lija? Mkulu wathu Mackson anapita ku Joni ine ndili msinkhu wakowu. Mgodi unamugwera. Kuno kunangobwera sutikesi ndi bulangeti. Tinaikanso thunthu la nthochi, ndipo wodula ndinali ine. Ndinafunsa mumtima mwanga zomwezo zimene unafunsa iwe. Choncho usaganize kuti ife akuluakulu timayimba chifukwa sitinaganizepo.

"Anthu amakayika pa zifukwa zosiyana. Ena amakayika chifukwa maso awo aona thupi likuola, ndipo maso sanama. Ena anapemphera, kumwamba kunangoti chete. Ena safuna kuti kukhale moyo wina, chifukwa akudziwa zimene akayankhe kumeneko. Ndipo alipo ena amene sakayika n'komwe, amangofuna kuti anzawo aziti ndi ophunzira. Iwe ukudziwa wekha gulu lako.

"Okhulupirira nafenso sitinapiteko. Ine sindinamuone Mackson chifere. Ndimakhulupirira chifukwa Ambuye Yesu analowa m'manda enieni, natulukamo, ndipo amene anamuona analolera kuphedwa osasintha mawu awo. Munthu salolera kufera bodza limene wapeka yekha. Ndimakhulupiriranso chifukwa Iye sanandinamizepo pa zazing'ono, ndiye ndimamudalira pa chachikuluchi. Ukafuna umboni woti uugwire ndi manja, ine ndilibe.

"Kukayika si kumene ndikukudzudzulira. Ngakhale mmodzi wa ophunzira a Ambuye anakana kukhulupirira mpaka ataona mabala, ndipo sanamuthamangitse. Koma iyeyo anapita ndi kukayika kwake kwa Ambuye. Sanapite kukaseka pamaso pa mayi wofedwa.

"Ukuganiza kuti amayi ako aakulu sankadziwa kuti m'bokosi muja muli nthochi? Nthochi ija sitinaikire Mulungu, ngati kuti tingamupusitse. Tinaikira iwowo, kuti akhale ndi malo ogwada polira. Munthu wothyoka mwendo amayendera ndodo. Iwe wabwera, wamulanda ndodoyo, n'kumuuza kuti ndodo si mwendo. Mwini wake akudziwa kuti si mwendo! Tsopano taona, wagwa, ndipo wagwera m'mphepete mwa mtsinje.

"Ine ndapitako kangapo kukalankhula nawo. Abusa apitako. Amangoti, 'Mwana uja ananena zoona.' Mawu amene anawagwetsa anachokera pakamwa pako, ndipo sakumva pakamwa pa wina aliyense.

"Ndamva kuti mawa ukupita ku Thuchila. Sindikuletsa. Kumeneko palibe akudziwe, ndipo tsitsi lako silidzadabwitsa munthu. Koma dziwa kuti njira ziliko ziwiri. Ina ikupita kumsewu, ina ikupita kumtsinje. Usankhe wekha."

Atatero anapemphera m'Chilomwe, chiyankhulo chimene ankapempherera mtima ukawalemera, navala jekete lawo n'kumapita.

5. Padooko

M'mawa mwake Wyson ananyamula chikwama chake. Pofuna kupewa maso a anthu, anadzera kuseri kwa nyumba ya a Esteri. Pamenepo anaima. Pa chitsa cha nthochi ija, pakati penipeni pamene chikwanje chinadutsa, panali patatuluka tsamba lanthete lokulungika, lobiriwira, lalitali ngati mkono.

Anaganiza kuti wapeza yankho limene likonze zonse popanda iye kugwada. Anaponya chikwama pansi, nathamangira kumtsinje.

Anawapeza a Esteri pa mwala paja, atafunda chitenje chonyowa ndi mame. Anali ataonda, ndipo madzi ofiira ankadutsa pafupi ndi mapazi awo.

"Amayi! Amayi, nthochi ija yaphuka! Ndinaidula ndekha, koma yatulutsa tsamba. Mukuona? Chinthu chikadulidwa sichithera pomwepo. Ndiye kuti nayenso Isake..."

"Wabweranso ndi nthochi?" anamudula a Esteri, maso ali pamadzi. "Tsiku lija unandilasa ndi nthochi, lero ukufuna kundipoletsa ndi nthochi yomweyo? Nthochi zimaphuka, ndaziona chibadwire changa. Mwana wanga si nthochi. Nzeru zakozo pita nazo kusukulu."

Wyson anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Manyazi a tsiku limenelo anaposa a kumanda ndi a kumsika. Anatembenuka kuti azipita.

"Popeza wabwera, ndiyankhe," anatero a Esteri. Tsopano anamuyang'ana. "Usandiuze za amalume ako, usandiuze za abusa. Iweyo, ukukhulupirira kuti Isake ali moyo kwinakwake?"

Kunali kosavuta kunena kuti inde. Liwu limodzi lokhalo likanamumasula kuti akakwere basi. Koma maso a mayiwo anali oti sungawanamize. Wyson anagwada m'matope.

"Sindikudziwa, amayi. Ndikufuna kuti zikhale choncho, koma sindikudziwa. Ndinapemphera m'mabango muja mpaka mawu anandithera, ndipo Mulungu sanandiyankhe. Ndinamukwiyira. Podula thunthu lija ndinagona pambali pake kuti ndiyeze, monga tinkagonera m'mphala. Linali lozizira, amayi. Kumanda kuja misozi inafika pakhosi, ndipo ndinaopa kulira pamaso pa Chester. Ndiye ndinanena zija. Ndinakulakwirani. Ndinamulakwira Isake. Nsapato izi anandigulira ndi iyeyo, ndipo ndinaima nazo pa manda ake n'kumaseketsa anthu."

Apo mawu anatha. Misozi yonse imene anaikaniza chimwalirire cha mbale wake inatuluka nthawi imodzi. Analira mokweza ngati kamwana, nkhope ili m'matope, akuitana dzina la Isake.

A Esteri anatsika pa mwala paja, nakhala pansi pambali pake.

"Kani unkalira?" anatero motsitsa. "Ine ndimayesa unkanyoza."

Anamudzutsa mutu, namupukuta matope ndi nsonga ya chitenje.

"Tamvera, mwana wopusa iwe. Ukuti Mulungu sanakuyankhe. Ine ndinakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Anzanga ankandiseka pachitsime. Ndinapemphera mpaka ndinatopa, ndinaleka, ndinayambiranso. Nthawi imeneyo Isake anali kuti? Panalibe fupa lake, panalibe tsitsi lake, panalibe manda oti Mulungu akamutolemo. Panalibe kanthu. Koma anamupeza, n'kundiikira m'manja."

Analekeza pamenepo, ngati kuti mawuwo wawauza ndi munthu wina. Anayang'ana mtsinje, nayankhulanso pang'onopang'ono.

"Amene anamupeza popanda kanthu, angalephere kumupeza mu Muloza? Kamtsinje koti chilimwe ana amakaoloka akusewera?"

Anagwira dzanja la Wyson mwamphamvu.

"Sindikuti mtima wanga wakhazikika. Mwina mawa ndidzukanso ndi mafunso. Koma mmodzi wandimirira kale m'madzi awa. Sindingakhale pa mwala n'kumaonerera winanso akumira. Dzuka. Ndigwire, miyendo yanga ilibe mphamvu."

6. Lumo

Anthu a pamudzi anaona awiriwo akubwera, mayi atatsamira pa phewa la mnyamata. A Anesi anataya mtsuko umene ananyamula. Mwana wina anathamanga kukaitana a Namakhwa.

A Esteri anakhala pakhonde, naitanitsa lumo ndi madzi. Wina anati akaitane mkulu wa adzukulu, koma iwo anakana.

"Uyu ndimumeta ndekha. Ndine ndinamuletsa."

A Namakhwa anavomera ndi mutu. Wyson anayamba waimirira pamaso pa abale onse, napepesa ndi mawu omveka, osadzikometsera. Kenaka anakhala pansi pakati pa mapazi a mayi ake aakulu. Lumo linali lobuntha, moti mayiwo anamucheka kangapo. Iye sanasunthe. Tsitsi linkagwera pa nsapato zija.

Atatha, a Anesi anatenga lumo nameta mkulu wawo. Ali mkati mometedwa, a Esteri anatsegula pakamwa. Sanayambire pachiyambi. Anayambira pa ndime yachiwiri, pa mawu omwe aja amene anawathera kumanda. Mawu awo anali osasa ndi ofooka, koma amayi a nyumba zoyandikana anawamva, nabwera akuvomera. Wyson sanathe kuyimba. Anangowerama, mutu ukuwawa ndi mabala a lumo, milomo yake ikutsatira mawuwo chamumtima. Chikwama chake chinali chikadali kuseri kwa nyumba, ndipo basi ya ku Thuchila inadutsa popanda iye.

Nyimbo itatha, a Esteri anapempha phala. Anali atangomwako pang'ono pamene galu anayamba kuuwa kunjira. Pabwalo panafika bambo wina wachilendo akukankha njinga yamatope, buluku atapinda mpaka m'mawondo.

"Bondiya," anatero mlendoyo popereka moni wa kwawo, napitiriza m'Chichewa cha kutsidya. "Ndayenda midzi yambiri kufunsa. Kodi kwawo kwa mwini ichi ndi pano?"

Anapisa dzanja m'thumba la malaya, natulutsa chipewa chofiira chaulusi.

Ana anga, tiyambe tapumira pamenepa, chipewa chili m'manja mwa mlendo. Mulungu wa chitonthozo chonse asunge pakamwa panu pamene muima pafupi ndi olira. Mukakayika, akupatseni mtima wonena zoona pamaso pake. Mukalakwa, akupatseni miyendo yopita kumene mwalakwako. Ndipo Iye amene anakudziwani musanabadwe, asakutayeni m'moyo uno kapena m'moyo ulinkudza. Ameni.